Kukadzutsa 504 ya pansi pa mango

Lolemba, Petauke

Tafika ku Petauke dzuwa litapendeka, tili atatu: ine, atsibweni, ndi msuweni wanga amene ndiye mwini galimoto. Ulendowu ndi wa atsibweni. Anamva kwa mnzawo wa kutchalitchi kuti pa famu ina cha kumsewu wa ku Lundazi pali Peugeot 504 imene yagona pansi pa mtengo wa mango zaka zambirimbiri, ndipo eni ake akhoza kuigulitsa. Iwo agwira sipanala kuyambira ali mnyamata mpaka maso atayamba kuchita chidima, ndiye akuti asanatsikire kuli chete adzutseko 504 imodzi ndi manja awo. Ine sukulu tatsekera, choncho ndangodziponya kumpando wakumbuyo.

Galimoto ya msuweni ndi Toyota Mark X yoyera, yotsitsidwa mpaka kutsala pang'ono kunyambita phula, matayala opyapyala, egizosi yobangula. Mwini wake amati ndi sipoti. Tisanatuluke n'komwe mu Chongwe inali itakhula kale mimba pa mahampu, ndipo hampu lililonse msuweni amalikwera chopingasa atalumira mano. Atsibweni osanena kanthu, maso ali kunja.

Analankhula titalowa m'mapiri a Manenekera. Kumeneko msewu umakhotakhota, ndipo msuweni magazi anamuwira: kuponda mafuta, kudula makona, injini ikulira mpaka m'zigwa. Potulukira pa kona ina tinangoona nthambi zaziwisi zitandandalikidwa pamsewu, kutsogolo kwake lole itafa. Buleki inagwira, tiyamike. Atsibweni anati, "Iwe, anzako a mjaha amathamanga atawatsekera msewu. Wakowu wakutsekera ndani?"

Funso limeneli ku Ulaya analiyankha ndi maliro. Mipikisano yoyamba inkachitika m'misewu ya aliyense. Mu 1894 nyuzipepala ina ya ku France inakonza ulendo wa magalimoto kuchoka ku Paris kupita ku Rouen, makilomita 126. Woyamba kufika anali Jules-Albert de Dion pa galimoto yoyendera nthunzi, pa liwiro la makilomita 19 pa ola, loti mnyamata wa njinga ya makala angamusiye kumbuyo potsetsereka. Mphoto yoyamba sanamupatse, ati chifukwa galimoto yakeyo inkafuna munthu wina wosonkhezera moto. Chaka chotsatira Émile Levassor anayenda kuchoka ku Paris kukafika ku Bordeaux ndi kubwerera, makilomita pafupifupi 1,200, maola 48 ndi mphindi 48. Apo zinthu zinali zikadali bwino. Koma pofika 1903 injini zinali zitakula, magalimoto akupitirira makilomita 100 pa ola m'misewu yafumbi, anthu ali thithithi m'mbali. Mpikisano wa ku Paris kupita ku Madrid unapha oyendetsa ndi oonerera omwe, mmodzi wa iwo Marcel Renault wa banja lomwe lija la magalimoto a Renault, ndipo boma linauimitsira ku Bordeaux. Atalira malirowo ndi pomwe kutseka misewu kunafala: Grand Prix yoyamba mu 1906 pafupi ndi Le Mans, kenaka mu 1907 a ku England n'kumanga Brooklands, bwalo la mjaha wokhawokha.

Ndinafotokoza zonsezi m'galimoto. Msuweni anakweza wailesi.

Pa mlatho wa Luangwa, uja wa 1968, tinaima kugula nsomba zouma za azakhali. Ukangowoloka pamenepo uli kwathu Kum'mawa, ngakhale mphepo imanunkhira zina. Ku Nyimba nthochi, ndipo cha kutsogolo anyamata atanyamula mipani ya mbewa. Abemba amene mukuwerenga musavutike kufunsa: inde tinagula, ndipo zinali zonona.

Lachiwiri, Chipata

Tayala laphulika tisanafike ku Sinda. Matayala opyapyalawa akagunda dzenje alibe pothawira, limu imaluma mphira mpaka kuboola. Sipeya ya Mark X ndi kaja kowonda, ndiye tinakwawa nako mpaka pa kashedi ka mnyamata womata matayala. Chuma chake chonse ndi kompuresa, zitsulo ziwiri zokanulira ndi beseni la madzi akuda. Anamenya nalo yekha, chitsulo m'manja, phazi pa limu, n'kuikamo gaita ndi chubu.

Ine za Formula One, mpikisano wapamwamba wa magalimoto a pabwalo, ndimadya nazo nsima. Tikudikira, ndinaonetsa atsibweni pafoni mmene a timu ya McLaren anasinthira matayala onse anayi m'masekondi 1.80 ku Qatar mu 2023. Anati ndibwezere. Ndinkayesa agoma, osadziwa akuwerenga mitu ya anthu.

"Mphwanga, anthu makumi awiri pa galimoto imodzi. Tayala limodzi atatu, nati imodzi. Uyu ali yekha, manati asanu, ena okutha mitu. Ndiye ndiombere m'manja ndani?"

Mnyamatayo sadziwa kuti ntchito yake ndi mjaha zinabadwa nyengo imodzi. Tayala lopopa John Dunlop analipangira njinga ya mwana wake mu 1887, ndipo oyamba kuliyesa pa galimoto ya mpikisano anali abale awiri a Michelin, pa ulendo womwe uja wa Levassor wa 1895. Anaphulitsa matayala osawerengeka, n'kufika nthawi itatha. Koma anafika.

Ku Katete tinaima kumwa tiyi, ndipo kuseri kwa magolosale tinapeza mpikisano weniweni. Ana anajambula njira pamchenga, yokhala ndi makona ndi kamlatho ka thabwa, akuthamangitsa magalimoto a mawaya. Ambiri anali wamba, mawilo a zitini za polishi, chiwongolero chachitali. Koma kamnyamata kena kanali ndi ina yake: nambala yolembedwa pa katoni pachitseko, sipeya kumbuyo, ndipo mawilo onse anayi atawapangira masipulingi opota ndi waya wofewa. Atsibweni anagwada, mawondo akulira, n'kuisindikiza ndi chala. Inatsika n'kubwerera. Anaisindikizanso kumbuyo. Anafunsa mwanayo amene anamuphunzitsa, iye akuti anangosuzumira pansi pa Land Cruiser ya kuchipatala. Anamupatsa ya mafritasi, ndipo mpaka ku Chipata sanasiye kumutchula.

Chipata watilandira ndi mapiri ake ndi njinga zake. Zamoto zachuluka masiku ano, komabe yakapalasa sinagonje: yanyamula nkhumba, matumba a nshawa, mayi ndi mwana kumbuyo. Muno munali fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle, ndipo akuluakulu amaikumbukirabe mousa moyo. Nawonso a Peugeot amene tikuwasakawa anayamba kupanga njinga mu 1882, galimoto inabwera pambuyo. Tagona kwa azakhali ku Kapata.

Lachitatu, Chipata

Tsiku lonse lathera pa galaji ya alamu awo a atsibweni, kuseri kwa msika wa Kapata. Ndi malata anayi pa mitengo, dzenje loloweramo pansi pa galimoto, ndi anyamata atatu ophunzira ntchito. Tinapita kukabwereka zipangizo, koma madala awiriwa atangoonana nkhani inakhotera ku Safari Rally, ndipo sinabwererenso.

Kwa amene simuidziwa: ndi mpikisano wa magalimoto m'misewu ya kutchire, inayamba mu 1953 pokondwerera kulongedwa ufumu kwa Elizabeth II, ndipo inkazungulira Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Ankaichita nthawi ya Pasaka, mvula ya kumeneko itagundika, makilomita ngati 5,000, usana ndi usiku, msewu osatseka. Zimene azungu anasiya kwawo mu 1903 anapitiriza kuno. Mabasi momwemo, ng'ombe momwemo. Mu 1963 ananyamuka magalimoto 84, omaliza asanu ndi awiri okha, ndipo patsogolo panali Peugeot 404. Inapambananso 1966, 1967 ndi 1968. Alamu amatchula zakazi akuwerenga pa zala zakuda ndi oyilo.

"Alamu, auzeni anawa za Joginder."

Joginder Singh wa ku Kenya anapambana mu 1965 ndi mbale wake Jaswant, pa Volvo PV544 yakale imene inali itathamangapo kale Safari ya chaka cham'mbuyo. Anaigula yotopa, n'kuikonza okha. Makampani anabwera ndi magalimoto atsopano ndi amakanika a ku Ulaya, koma amene analowa mu Nairobi poyamba ndi abale awiriwa. Joginder anadzapambananso mu 1974 ndi 1976 pa Mitsubishi Lancer. Ndipo kwa zaka pafupifupi makumi awiri palibe dalaivala wochokera kunja amene anaitenga. Woyamba anali Hannu Mikkola wa ku Finland mu 1972, pa Ford Escort. Shekhar Mehta, wobadwira ku Uganda, anaitenga kasanu, koyamba mu 1973 pa Datsun 240Z. Apa msuweni anadzuka, chifukwa 240Z ndi sipoti yeniyeni, mipando iwiri, mphuno yaitali, masilinda asanu ndi limodzi. Atsibweni anamuuza kuti akaione pa chithunzi mmene inafikira pomaliza: yokwezedwa m'mwamba, yophwanyikaphwanyika, phiko lina lakutsogolo palibe.

Chimene madalawa amakondera Safari n'chakuti inkayesa zinthu zomwe iwo amakumana nazo pa galaji tsiku ndi tsiku. Pa msewu wa malata, shoko imagwira ntchito mpaka oyilo wa mkati kutentha n'kuchita thovu, ikatero galimoto imangodumpha osamvera chiwongolero. Fumbi limatseka fyuluta, injini n'kubanika. Mwala umodzi pa sampu, beseni la oyilo kunsi kwa injini, oyilo yense pansi. Powoloka mtsinje injini ikamwa madzi, makonirodi, zitsulo zogwira mapisitoni, amapindika. Ndiye ankamanga chitsulo chochindikala kunsi kwa injini, paipi yopumira n'kuikweza mpaka padenga, kutsogolo zitsulo zotchinga nyama. Mahosipawa, mphamvu ya injini, anali nkhani yomalizira. Apa m'pamene 504 inaonetsa ukulu wake: masipulingi ake amatsika kutali asanagunde, ndipo imameza mabampu osagwedeza wokwera. Ove Andersson wa ku Sweden anapambana nayo Safari mu 1975. Andersson yemweyo ndi amene anakhazikitsa timu ya Toyota ku Ulaya, imene ma Celica ake anadzalamulira Safari m'ma 1980 ali m'manja mwa Björn Waldegård ndi Juha Kankkunen. Ndiye msuweni ndi Toyota yake, afune asafune, ndi mdzukulu wa 504.

Kenaka nkhani inabwera kwathu. Atsibweni ali ku Lusaka ankakwera mathiraki kupita kumafamu a ku Chisamba kukaonerera Zambia International Rally. Akuti umayamba kumva kulira kutali, kenaka fumbi pamwamba pa mitengo, kenaka chinthu chimangoti psuu, miyala ikuwaza, iwe n'kutsala ukulavula dothi. Iwo chimene ankapitira kwenikweni ndi pamalo okonzera, kuona anzawo atagona chagada pa tenti akutsitsa giyabokosi yotentha m'mphindi zowerengeka.

Alamu anafunsa anyamata awo ngati amamudziwa Satwant Singh. Anayang'anana. Osewera a Arsenal angawatchule onse mpaka a pabenchi, koma munthu wa m'dziko lawo lomwe amene anakhala katswiri wa rally wa Africa yonse kasanu ndi katatu, kuyambira 1988 mpaka 2000, sanamumvepo. Pambuyo pake Muna Singh anatenga 2004 ndi 2005, Mohammed Essa 2012, Jassy Singh 2013, Leroy Gomes 2022. Muwerenge nokha. Chaka cha 2012 tonse tinavina mpaka kucha Chipolopolo itatenga chikho ku Libreville, ndipo n'zoyenera. Koma chaka chomwecho chikho china cha Africa chinalowa m'dziko muno mwakachetechete.

Sindikuwadzudzula anyamatawo. Mpira umafuna chikulunga cha mapulasitiki ndi bwalo. Rally imafuna galimoto, ina yophwasula, matayala milu, mafuta, lole yonyamulira, ndi anthu oti uwadyetse. N'chifukwa chake imayenda m'mabanja amene ali kale ndi magalaji ndi mabizinesi, bambo kusiyira mwana. Luso lili ponseponse, ndaliona dzulo ku Katete. Chosowa ndi wolipira. Juan Manuel Fangio, amene anatenga ukatswiri wa Formula One kasanu m'ma 1950, anali makanika wa m'tauni yaing'ono ya Balcarce ku Argentina, ndipo Chevrolet imene anayambira mipikisano ya mitunda italiitali anamusonkhera ndi anthu akwawo. Ndinafunsa alamu ngati a ku Kapata angasonkhere mnyamata galimoto. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ayambe abweza kaye ngongole za pa galaji.

Lachinayi, Chipata

Losaka zinthu ku Down Shops. Batire tapeza, mapulagi tapeza, chingwe ndi paipi ya mafuta tapeza. Mapointi ndi kondensa, tizipangizo topereka moto ku mapulagi pa injini zakale, ndiye zinavuta. Achinyamata a m'mashopu amangofunsa kuti "ndi sensa yanji imeneyo, mdala?" Mwamwayi mwini shopu wina wachikulire analowa kumbuyo, n'kutuluka ndi kabokosi kafumbi. Tapangananso ndi wa Canter woti akanyamule galimotoyo ngati tigwirizana mtengo.

Madzulo azakhali atatipatsa nsima ya nsomba zija ndi chibwabwa chotendera, atsibweni anandiponyera fupa: za Formula One amadziwako dzina limodzi, John Love wa ku Bulawayo, amene ankamumva kwa akuluakulu obwera kuchokera ku Walale. Mu 1967 ku Kyalami, bwalo la mjaha la ku South Africa, Love anali patsogolo pa akatswiri onse a dziko lapansi ndi Cooper yake yakale. Kutatsala pang'ono kumaliza anapatukira kukathira mafuta, Pedro Rodríguez n'kudutsa, iye kumaliza wachiwiri. Atsibweni zimawawawa mpaka lero ngati anali mbale wawo. Ine ndinawonjezera Jody Scheckter wa ku South Africa, katswiri wa 1979 pa Ferrari, ndi kuti chichokereni 1993 Formula One sinapondenso pa nthaka ya Africa. Anati ikabwera idzawapeza ali pansi pa 504.

Lachisanu, kufamu

Tinanyamuka kusanache, Canter patsogolo. Tinamuuza msuweni kuti asiye Mark X kwa azakhali, anakana. Pa phula zinayenda. Titapatukira kumsewu wafumbi, pakati pa minda ya thonje yokololedwa kale, nkhope yake inasintha.

Atsibweni anakhala tsonga pampando wakutsogolo n'kuyamba kumuwerengera msewu. "Dzenje kumanzere. Kwera pamzere, usalowe m'mikwaso ya ngolo. Mchenga uwo, usasiye mafuta, usasiye! Mwala pakati, uupondetse tayala." Poyamba msuweni ankanyinyirika, kenaka anangoti zii n'kumamvera. Umu ndi mmene rally imayendera. Woyendetsa saona kuseri kwa kona, amakhulupirira wa pambali pake, amene amakhala ndi buku lolembamo kona iliyonse, kuthina kwake, mtunda wotsala, pomwe pali chitunda chodumphitsa. Akaphonya mzere umodzi, onse awiri ali m'mitengo. N'chifukwa chake ambiri amasankha wa magazi amodzi kapena wa m'nyumba. Leroy Gomes potenga chikho cha Africa, womuwerengera anali mkazi wake Urshlla.

Pa kadambo kena egizosi ija inakodwa n'kuthothoka. Atsibweni anapempha waya kwa ana amene anatizungulira, kugona pansi, kuimangirira. Tsopano ikulira mosiyana, koma msuweni sanayankhepo.

Eni famu ndi mayi wachikulire wamasiye. Anatiyalira mphasa, kutipatsa thobwa, kufunsa za kumudzi ndi za mfunda wathu, ndipo za galimoto zinadikira mpaka zonsezo zitatha. Atsibweni atayamba kunena kuti "galimoto ya malemu abambo", mayiwo anawadula.

"Ya abambo pa pepala, achimwene. Woyendetsa ndinali ine. Iwo matope ankawaopa."

Akuti ankanyamula nayo nshawa ndi fodya, odwala usiku, ngakhale mkwatibwi wa mudzi wonse. Dzinja likafika ankaika matumba awiri a mchenga m'buti kuti matayala akumbuyo agwire, n'kuwoloka dambo lomwe lija ndi giya yachiwiri osapumira. Ndinawauza za Michèle Mouton wa ku France, amene anapambana rally ya Sanremo mu 1981 pa Audi Quattro, chaka chotsatira n'kukhala wachiwiri pa dziko lonse. Ndinawauzanso za Bertha Benz, amene mu 1888 anatenga galimoto ya mwamuna wake osamuuza, ndi ana awiri, n'kuyenda makilomita 106 kupita kwa amake. Paipi ya mafuta itatsekeka anaitsegula ndi phini ya chipewa, mabuleki atatha anapeza wosoka nsapato kuti awakhomere chikopa. Mayiwo anagwedeza mutu, n'kunena kuti ameneyo ndiye anali mkazi, koma akanamuuzako mwamunayo.

Pafupi ndi nkhokwe pali Massey Ferguson yakufa, nkhuku zikuikira pampando. Msuweni anaiseka, ndiye ndinamukumbutsa kuti masipoti amene amawapachika pafoni yake ndi abale a chimenechi. Ferruccio Lamborghini analemera ndi mathalakitala asanayambe magalimoto mu 1963. Zilembo DB pa Aston Martin ndi za David Brown, nayenso wa mathalakitala. Ndipo kampani ya Harry Ferguson, mwini dzina lili pa chitsulo chadzimbiricho, inapanga galimoto ya mjaha yokoka ndi mawilo onse anayi, P99, imene Stirling Moss anapambana nayo ku Oulton Park mu 1961.

Tsono 504 yo. Yabuluu wofwifwa, matayala onse anaphwa n'kulowa m'dothi, masamba a mango mpaka pa galasi. Atsibweni sanathamangire injini. Anayamba kugogoda pansi ndi sikuludiraiva, kufunafuna dzimbiri m'mafupa ake. Anapeza bowo pansi pa mapazi a dalaivala ndi lina m'buti, kwina konse kolimba. Kenaka anatsegula boneti, kuchotsa chisa cha makoswe, kuika sipanala pa nati ya kutsogolo kwa injini, n'kukoka. Sinasunthe. Anamasula mapulagi, kuthira oyilo wosakaniza ndi dizilo m'masilinda onse anayi, n'kunena kuti igone nazo.

Mtengo anakambirana madzulo, awiriwiri, pakhonde. Sindiulemba pano chifukwa azakhali amawerenga.

Loweruka, kufamu

Mmawa sipanala inayenda. Pang'ono, kenaka kuzungulira konse. Atsibweni sanamwetulire, anangoti, "Ili moyo."

Mpaka masana inali ntchito ya kabureta, kuiphwasula pa chitenje cha mayi aja, kutsuka tizibowo ndi petulo, kupemerera ndi pakamwa. Mapointi atsopano anawapima mpata ndi kachidutswa ka katoni. Thanki sanaikhulupirire, ndiye anapachika botolo la petulo pa nthambi ya mango, paipi kutsikira ku kabureta. Amene anali m'manja mwawo nthawi yonseyi, kupatsira zipangizo, manja akuda mpaka m'zigongono, ndi msuweni. Ine anandipatsa ntchito yothamangitsa nkhuku.

Inakana, inatsokomola, inaphulitsa kumbuyo mpaka agalu kuthawa, kenaka inagwira. Utsi wabuluu unadzaza bwalo lonse. Mayi aja anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja n'kuyamba nthungululu, ana akuvina mu utsimo. Inalira mwina mphindi imodzi, atsibweni n'kuizimitsa chifukwa redieta ikudontha ndipo madzi akuoneka mu oyilo.

Msuweni anafuna kuti tiipope matayala aiyendetseko pabwalo. Anamuuza kuti aponde buleki kaye. Phazi linangofika pansi. Galimotoyi ili ndi madisiki kumawilo onse anayi, chinthu chimene chinatchuka Jaguar itapambana nacho mpikisano wa maola 24 wa Le Mans mu 1953, pomwe anzawo a madiramu ankayamba kuponda buleki kutali iwo akadali pa liwiro. Koma disiki yopanda mafuta m'mapaipi ndi mbale chabe. Ndipo ana anali atazungulira ponseponse. Ku Le Mans komweko mu 1955 Mercedes ya Pierre Levegh inauluka n'kugwera m'khamu, anthu opitirira 80 n'kufa. Atsibweni za chaka sadziwa, koma anathamangitsa ana onse kuti akaime kuseri kwa nkhokwe tisanayambe kuikankhira pa Canter.

Kukweza kunatenga amuna a mudzi wonse, matabwa awiri ndi chulu. Mayiwo anatipatsa nkhuku ndi thumba la nshawa, n'kutilamula kuti ikadzayenda tidzabwere nayo, adzaiyendetse okha mpaka kumsewu wa phula.

Lamulungu, Chipata

504 yatsitsidwa pa galaji ya alamu, ndipo anyamata aja akuizungulira, wina akufunsa kuti kompyuta yake ili pati. Mutu wa injini wachotsedwa kale. Gasiketi inapsa pakati, mutuwo uyenera kukapalidwa, mapaipi a buleki onse ndi osintha. Alamu akuti ziwiya zina zingapezeke ku Lilongwe, kungodutsa pa Mwami, ndipo akudziwa munthu woti amuimbire.

Masana ndinawakokera onse pa bala ina yoonetsa Formula One, titapempha mwini wake kuti achotseko mpira pa TV imodzi. Atsibweni anaonera kunyamuka, anafunsa chifukwa chake palibe amene akutsika kudzakonza yake, n'kugona. Anadzuka pomaliza kufunsa ngati wa ku Lilongwe uja wayankha.

Msuweni wawotcheretsa egizosi yake, ndipo sakufuna kumva zokweza galimoto ngakhale pang'ono. Akuti m'malo mwake 504 ikadzuka aigulire malimu onyezimira. Atsibweni amuuza kuti akadzangoyerekeza adzamulanda ufulu wolowa pa galaji. Iwo atsala kuno mpaka ntchito ithe. Ife tinyamuka mawa mbandakucha, ndipo andipatsa pepala la zinthu zokasaka ku Lusaka: gasiketi ya mutu, marabala a buleki, pampu ya madzi, ndi nyali yakumanzere ngati ilipo.